Maloboti a ku Japan, TVM ndi injini zomwe zikufera m'matope a Shire

Iyi ndi yaitali. Amene foni yatsala pang'ono kuthima akatchaje kaye, nkhani siithawa.

Masabata angapo tsopano mwakhala mukutumizirana zithunzi za Voltron ndi Power Rangers, pansi pake atalemba kuti amene sanaonere zimenezi analibe ubwana. Nanenso ndimaseka nawo, ndipo ndimazisowa kuposa ambiri a inu. Koma tisanamizane aise. Zithunzi zimenezo si Mmalawi anazipanga. Zinachokera kwa anzathu a maiko omwe kanema anafika kalekale, ngati ku Nigeria komwe ana ankaonera Voltron pa wailesi ya kanema ya boma ali khale kunyumba kwawo. Kuno zaka zimenezo kunalibe wailesi ya kanema olo imodzi. A Kamuzu sanafune. TVM inayamba mu 1999, nthawi ya a Muluzi, Voltron atatha kale zaka 15 akuonetsedwa kunja. Makolo athu mawu oti loboti amawadziwa ngati magetsi a pamsewu aja a ku Blantyre, ofiira uyime, obiriwira upite. Ndiye tikamabwereka zokumbukira za eni timaiwala zathu, zomwe kwa ine n'zokoma kuposa zawozo.

Zathu zinali za ku vidiyo. Kachisakasa ka mabango kokutidwa ndi mapepala akuda a pulasitiki kuti dzuwa lisalowe, mabenchi a matabwa a boti lakale, jenereta ikulira kuseri, pakhomo bolodi lolembedwa ndi choko kuti yoyamba nthawi yakuti, yachiwiri nthawi yakuti. Ndalama yolowera aliyense akudziwa komwe tinkaipeza: kutola usipa wogwa pansi maukonde akamatuluka, kukapa madzi m'boti la abwana ena, pena kubisa chenji ya sopo n'kukanena kuti mtengo wakwera. Mkati kutentha, fungo la thukuta ndi nsomba, jenereta ikazima aliyense kukuwa kuti atibwezere ndalama. Ndipo sitinkaonera m'Chingerezi ayi. Panali ma DJ aja otanthauzira mafilimu m'Chichewa, omwe ankapatsa aliyense dzina lakwathu, mdani n'kukhala mfiti ya m'mudzi wakutiwakuti, loboti n'kukhala chimphona chobwera kudzalonjerera ngongole. Theka la zomwe ankanena munalibe mufilimumo, koma ndi iwowa anatipangitsa kumva ngati ndewu ya zilombo ikuchitikira pa msika wa kwathu.

TVM nayo tinkaionera, koma mwa apo ndi apo, kunyumba kwa aphunzitsi kapena kwa a zaumoyo komwe kunali mlongoti wa nsungwi ndi batire ya galimoto. Mwana mmodzi ankatumidwa panja kukatembenuza mlongoti, a mkati akukuwa kuti pomwepo, pomwepo, wapitiriza, bwerera pang'ono. Yomwe ndimaikumbukira kwambiri ndi Tikuferanji. Manganya akangotulukira nyumba yonse phwete. Ndani akanalota kuti a Michael Usi omwewo adzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024? Izeki ndi Jakobo nawonso ankatiseketsa mpaka nthiti kupweteka, onse awiri anatisiya, mizimu yawo iuse mumtendere. Kusukulu kunali Tikwere, aphunzitsi atayika kawailesi pa desiki ife tikuyankha motsatira. Zonsezi zinali zathu ndipo sindizinyoza. Koma taganizani bwino, zambiri zinali zotilangiza. Usachite chakuti, udwala. Usapite kwakuti, ufa. Zotiuza zoti tipewe zinali mbwee. Chotiuza kuti mwana angathe kugwira chitsulo chachikulu n'kuchiyendetsa tinkachipeza ku vidiyo kokha, komwe makolo ankatiletsako.

Nditakula n'kukhala ndi foni ya intaneti m'pamene ndinadziwa kuti pafupifupi zimphona zonse zija zinachokera dziko limodzi. Power Rangers, yomwe inayamba ku America mu 1993, inali yosokerera ngati thalauza la zigamba. Zithunzi zambiri za ndewu, za zovala zamitundumitundu ndi za loboti lalikulu lija anazitenga mu sewero la ku Japan la kampani ya Toei lotchedwa Zyuranger, la 1992, iwo n'kungojambula achinyamata a ku America pa malo omwe avula zisoti. N'chifukwa chake wachikasu uja analibe kasiketi pomwe wapinki anali nako: ku Japan wachikasu anali mwamuna. Tinkakangana nazo mpaka kutsala pang'ono kumenyana, yankho lili phee ku Tokyo. Voltron wa mikango isanu ndi GoLion wa ku Japan wa 1981, anangomusintha dzina ndi kudula malo omwe panali magazi. Olo Transformers, omwe ambiri timati ndi a ku America chifukwa cha mafilimu oyambira mu 2007, anayamba ngati zidole za kampani ya ku Japan ya Takara.

Akuluakulu awo enieni ambiri a ife sitinawaone pa nthawi yake. Gogo wawo ndi Tetsujin 28, wa Mitsuteru Yokoyama, yemwe anayamba m'mabuku a zithunzi mu 1956 n'kufika pa kanema mu 1963. Loboti limenelo munalibe munthu mkati. Kamnyamata kankaliyendetsa ndi kabokosi ka m'manja, ndipo kabokosiko kakagwa m'manja mwa woipa, chimphona chomwecho chinkasanduka mdani. Kenako mu 1972 Go Nagai anabweretsa Mazinger Z, momwe mnyamata amakwera kandege kakang'ono n'kukatera m'mutu mwa loboti, n'kumaliyendetsa ali mkati ngati dalaivala. Akuti nzeruyi inamubwerera ataona magalimoto atapanikizana pamsewu, n'kuganiza kuti bwenzi zili bwino galimoto itamera miyendo n'kudumpha zinzake. Amene munagonapo pa mzere wa mafuta mukumumvetsa bambo ameneyu. Grendizer wa 1975 anapengetsa ana a ku France ndi a maiko a Aluya. Voltes V anakondedwa ku Philippines mpaka Marcos anamuletsa mu 1979 kutatsala zigawo zochepa kuti athe, ndipo ambiri kumeneko amakhulupirira kuti chinamuopsa ndi nkhani ya anthu oponderezedwa akuukira mafumu awo. Eti si a Kamuzu okha ankaopa kanema.

Koma wanga ndi Gundam wa 1979, wa Yoshiyuki Tomino, ndipo ndi amene wandilembetsa zonsezi. Mu gawo loyamba muli mnyamata wa zaka 15 dzina lake Amuro, wongokhalira kumasula timakina m'chipinda mwake. Mudzi wawo wa mlengalenga waukiridwa, iye akulowa mu loboti lomwe sanaliyendetsepo chibadwire. Mukudziwa chomwe akuchita? Sakukuwa mawu amatsenga. Akutsegula buku la malangizo, kuliyika pamiyendo, n'kumawerenga uku akukanikiza mabatani. Adani ali panja, iye ali pa tsamba lakutilakuti. Kachigawo kameneko ndakabwereza kambirimbiri. Mu Gundam loboti ndi makina basi. Zipolopolo zimatha, mkono umathyoka, limabwerera m'sitima amakaniko n'kuchezera nalo usiku wonse. Anthu poyamba sanaikonde, inadulidwa pa zigawo 43 isanafike pomwe eni ake anakonza. Chinaiukitsa, pamodzi ndi kuibwereza pa kanema, ndi tizidole ta pulasitiki tomwe Bandai inayamba kugulitsa mu 1980, tobwera tili tizidutswa kuti mwana alumikize yekha. Mwana wa ku Japan ankamanga loboti ndi zala zake pa tebulo, ife tikumanga galimoto za mawaya pansi pa mtengo wa mango. Kusiyana kwake n'koti uja akakula ankapeza fakitale ikumudikira.

Pali inanso yomwe ochepa amaidziwa, Patlabor, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mmenemo maloboti ndi makina a ntchito, omangira chikhoma chachikulu m'nyanja pafupi ndi Tokyo choteteza mzinda ku madzi, ndipo apolisi ali ndi awo ogwirira anthu omwe aledzera n'kuyamba kuphwanya zinthu ndi makinawo. Woyendetsa loboti la apolisi ndi mtsikana, Noa Izumi, amene amalipukuta ngati mwana wake. Koma woopedwa ndi aliyense pamalopo ndi mdala wamkulu wa amakaniko. Ndalama ndi zochepa, loboti likabwera litaphwanyika mabwana amakalipa za mtengo wokonzera, anyamata a girisi osagona. Mukaionera mumva ngati anailemba ali kuno.

Kuno ndikunenaku ndi ku Chigwa cha Shire, komwe ntchito ya injini za maboti yandibweretsa. Amene simunatsikepo msewu wokhotakhota uja wochokera ku Blantyre kufika pa Thabwa, dziwani kuti dera lino ladzaza ndi zimphona zachitsulo kuposa kwathu kunyanja. Ku Kapichira kuli makina opukusa gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Kuchokera pomwepo zikatapila zakhala zikukumba ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Ndikunena zikatapila zachikasu zenizeni, osati katapila wa ngongole uja wakumalizani ena a inu. Ku Nchalo kuli fakitale ya shuga ya Illovo ndi mathirakitala ake. Ana a pa Dyeratu ndi a ku Ngabu safunikira Voltron kuti aone chitsulo chachikulu chikuyenda, amachiona tsiku ndi tsiku. Chomwe ndimadzifunsa n'choti akachiona amadziona ali mkati mwake, kapena ali kunja kwa mpanda akuchiyang'ana chikudutsa?

Chifukwa ife Amalawi makina akuluakulu timawakonda tsiku limodzi lokha, tsiku lodula riboni. Pitani mukaone doko la Nsanje. Mu Okutobala 2010 a Bingu wa Mutharika analitsegula ndi chikondwerero chachikulu, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo, anthu akudikira sitima yodzera mu Zambezi. Sitimayo anaigwira ku Mozambique, poti nkhani ya chilolezo ndi kafukufuku wa mtsinje inali isanathe. Konkire ilipo, madzi alipo, sitima zonyamula katundu zija sizinabwere. Lotolo silinali loipa ayi. Kungoti tinamanga mutu wa Voltron miyendo ili m'dziko la eni, tisanagwirizane nawo. Amene munaonera mukudziwa, mkango umodzi ukasowa chimphona sichiima. Njanji nayo inaduka cha ku Chiromo madzi atakokolola mu 1997, ambiri a ife tisanabadwe, ndipo anthu a tsidya la kum'mawa, a ku Makhanga ndi ku Muona, akafuna kufika pa Bangula amawoloka pa bwato kapena pa boti, njinga zawo ndi odwala awo omwe.

Za mikango isanuzi ife ana a asodzi sitinafunikire DJ kuti atimasulire. Chilimira ndi Voltron yemwe. Siginala ali pa bwato ndi nyali zake kukopa usipa, ena akuponya ukonde, ena akukoka, wina wagwira injini. Mmodzi akabwera ataledzera, usiku wonse wapita pachabe ndipo mafuta mwawotcha kale. Bambo anga sanaonerepo katuni olo imodzi, koma zimenezi ankazidziwa kuposa Toei.

Ndiye madzi akabwera m'pamene mumaona kuti loboti lenileni la kuno ndi liti. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kusandutsa Makhanga chilumba. Mu 2019 kunabwera Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 n'kuzima kamodzi, ndipo inu kunyanja munamva kuwawa kwake ndi kuzimazima kwa magetsi kwa chaka chathunthu ndi miyezi, mafuliji a nsomba atangokhala ngati makabati. Mu Marichi 2023 Freddy anatenga anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kum'mwera, omwalira ndi osowa. Nthawi zonsezi munthu amene wakwera mumtengo ndi mwana kumsana sadikira chimphona cha mamita 18. Amatchera khutu kuti amve kulira kwa injini ya 15 kapena ya 40 ikubwera m'mabango. Ndipo injini imeneyo mukaiyang'ana pa chivindikiro yalembedwa Yamaha, Suzuki kapena Tohatsu. Dziko lomwe lija linatitumizira maloto ku vidiyo ndi lomwenso linatitumizira chitsulo chotsitsa anthu m'mitengo. Sienta yomwe mumapanikizanamo popita ku boma ndi ya komweko.

Tsopano ndikuuzeni zomwe zimapha injini kuno, chifukwa si mfiti. Shire si nyanja. Madzi a kwathu ndi oyera, a kuno ndi matope ndi mchenga, makamaka dzinja. M'mwendo mwa injini muli kampira kamapiko kotchedwa impela, kamene kamapopa madzi oziziritsa. Mchenga umakadya pang'onopang'ono, namasupuni ndi majumbo zimatseka timabowo tolowera madzi. Injini yamoyo imayenera kumakodza kamzere ka madzi kumbuyo nthawi yonse yomwe ikulira. Ikasiya kukodza, zimitsani pomwepo. Koma woyendetsa ali ndi anthu odzaza, njinga, matumba a chimanga ndi mbuzi, akuti tingofika kaye tsidya. Pofika tsidyalo pisitoni yagwira. Kampira ka ndalama zochepa kapha injini ya mamiliyoni.

Mafuta nawonso. Injini zambiri za two stroke zomwe timagwiritsa ntchito zimafuna oyilo wakewake, muyeso umodzi pa miyeso 50 ya petulo, ndiye kuti pa malita 20 pamafunika mamililita 400. Zinalembedwa m'buku lomwe limabwera ndi injini, buku lomwe abwana ambiri analisiya m'katoni kapena linathera kukulungira mandasi. Anthu amathira mwa diso, ena oyilo wa galimoto, ena petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu wosakanikirana ndi madzi ndi zinyalala, kenako kabuleta ikatsekeka akuti mnzawo wa pa doko wawalodza. Ulusi wa ukonde ukakulungika kuseri kwa pulopela umadula siilo, madzi n'kulowa m'magiya. Mukamasula kabawuti ka pansi oyilo n'kutuluka woyera ngati mkaka, dziwani kuti madzi analowa kale ndipo magiya ali pa ngozi. Apa palibe nzeru zakuya. Ndi zija za Amuro zomwe: tsegula buku, werenga, yang'ana, mvetsera kulira kwake.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Madzi akasefukira, mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amabweretsa maboti atsopano, zithunzi zimajambulidwa, aliyense wavala jekete la lalanje. Dzuwa likabwerera boti lija limakokeredwa kumtunda, injini n'kutsekeredwa m'chipinda petulo ali m'kabuleta. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya zomata ngati ulimbo. Miyezi isanu ndi itatu palibe woiliza olo kamodzi. Mvula ikayamba, foni ikulira pakati pa usiku kuti bwera msanga, injini ikukana, anthu ali m'madzi. Ndagwirapo injini zotere, penti ikadali kuwala, pulopela yopanda ndi chipsera chomwe. Zinafa ndi kukhala. Ndalama yogulira inapezeka, ya munthu woti aziiliza kamodzi pa mwezi ndi kusintha oyilo sinapezeke, poti makaniko saoneka bwino pa chithunzi.

Ndipo tisangoloza zala mabungwe, ifenso vutoli tili nalo. Mnyamata akalemba Fomu 4 osapeza malo ku yunivesite, kwathu timati zake zada. Akayamba kuphunzira umakaniko timamutcha wagirisi, ena amati amanunkha petulo. Bola akhale pa sitolo akusewera bawo ndi kubetcha mpira pa foni, kapena agulitse ukonde wa bambo ake apite ku Johannesburg akagone anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi. Sindikunyoza opita kumeneko, ambiri akudyetsa mabanja, ena mukuwerenga muli komweko, moni. Koma gombe lililonse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhata Bay lili ndi injini zakufa zosungidwa kuseri kwa nyumba, ndipo amisiri odziwa kuzitsegula mpaka mkatikati n'kuzibwezera zikulira mungawawerenge ndi zala. Ambiri mwa iwo ndi achikulire, ndipo palibe akuwagwirira sipanala kuti aphunzire.

Taganizani za Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zidutswa ngati tizidole ta Bandai tija, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Agogo athu anaikwera ali anyamata. Yatha zaka zoposa 70 ikudula mwera chifukwa cha anthu a maovolosi akuda a m'chipinda cha injini ndi a pa malo okonzera sitima, omwe ife ana sitinawaonepo pa TVM olo tsiku limodzi. Gundam wathu ndi ameneyo.

Ndikudziwa ena muti aise wakula, zisiye za makatuni. Ena kumpingo ankati zinthu zimenezi n'zausatana, ndipo angapo a ife tinakwapulidwa nazo. Pa china makolo anali ndi mfundo. Vidiyo yomweyo yomwe masana inkaonetsa Power Rangers, usiku inkaonetsa zinthu zomwe mwana sayenera kuona, ndipo alipo anzathu omwe sukulu inawathera pa mabenchi aja. Atsikana ambiri sankaloledwa n'kulowa komwe, ankakhala akutunga madzi ife tikuonera, ndiye kukumbukira kumeneku si kwa tonse mofanana. Enanso muti n'za azungu, zikutichotsera chikhalidwe. Choyamba, si za azungu. Chachiwiri, a ku Japan omwewo anatenga injini kwa azungu, n'kuimasula, n'kuiphunzira, lero akutigulitsa tonse, azungu omwe, ndipo sanasiye kudya mpunga wawo ndi timitengo. Mwana wa ku Nsanje angathe kudziwa za Mbona ndi kachisi wa Khulubvi, kuyankhula Chisena chake bwinobwino, n'kudziwanso kutchera kabuleta. Mutu wake si kabotolo koti ukathiramo china china chitayika.

Ku Kobe, kwawo kwa Yokoyama, chivomerezi cha 1995 chinapha anthu oposa 6,000. Pomanganso mzinda, mu 2009 anaimika chifanizo cha Tetsujin 28 cha mamita 18 m'dera lina lomwe linawonongeka kwambiri. Anthu akuluakulu, a imvi, anagwirizana kuti chizindikiro cha kudzukanso kwawo chikhale loboti la m'makatuni a ana. Sindikuti tiimike Voltron pa Bangula, ndalama imeneyo bola igule ma impela. Ndikungoti anzathuwa sachita manyazi ndi zomwe zinawakondetsa makina ali ana.

Ana a lero ali ndi zambiri kuposa ife. Pa foni ya amayi awo angathe kupeza maloboti onsewa, ndipo pa YouTube pali anthu akumasula injini ya Yamaha bawuti ndi bawuti. Koma amaonera okhaokha, timavidiyo ta masekondi 30, chala chikungosesereka pa galasi. Ife tinkatuluka mu vidiyo tili gulu, n'kulunjika ku dzala kukatola mawaya, zitsekerero za mabotolo, mabatire akutha ndi timamota ta mawailesi akufa. Wina ankadziwa kupinda, wina kumanga ndi mphira, wina ndi amene anabera mchimwene wake pulayala. Filimu inkathera m'manja. Gawo limenelo ndi lomwe ndimalisowa, kuposa nyimbo yoyambira ija.

Pano mawailesi a kanema achuluka, MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi ena. Nyimbo zilipo, maulaliki alipo, andale akukangana kuyambira m'mawa mpaka usiku. Koma nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo za pa dzala ataona chithunzi m'buku la mulaibulale, inadikira Chiwetel Ejiofor kuti aipange filimu mu 2019, ndipo inatulukira pa Netflix, komwe mwana wa ku Marka sangafikeko chisawawa. Uja ndi Amuro weniweni, wa buku pamiyendo, woyankhula Chichewa. Theka la ola pa sabata, Loweruka m'mawa, mtsikana kapena mnyamata wa kwathu konkuno akutsegula mjigo, jenereta, sola kapena injini ya boti pamaso pa kamera, akufotokoza m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chisena, ndi nthabwala ngati za ma DJ aja, zimenezo sizifuna ndalama za Toei. Zikufuna kamera imodzi ndi bwana mmodzi wokhulupirira kuti ana angazikonde. Ine ndikudziwa kuti angazikonde, chifukwa ndikangotsegula chivindikiro cha injini pa doko lililonse kuno, mphindi zisanu sizitha ndisanazunguliridwe ndi timitu khumi, ndipo ofunsa mafunso ovuta kwambiri nthawi zambiri amakhala atsikana.

Pomwe tikudikira a kanemawo, amene muli ndi injini yakufiratu kuseri kwa nyumba musathamangire nayo kwa ogula zitsulo pa sikelo. Ikhuthuleni mafuta onse, ichotseni pulopela kuti isacheke munthu, muiyike pa mthunzi, muwapatse ana sipanala ya 10 ndi ya 12 ndi beseni loyikamo mabawuti. Ulendo woyamba sadzaibwezera bwino, mabawuti atatu adzatsala m'beseni, zilibe kanthu, inali yakufa kale. Amene muli ndi azing'ono anu omwe alemba mayeso chaka chino, afunsireni za maphunziro a TEVETA asanayambe kufunsa za pasipoti.

Ndipo inu eni maboti a kuno kumunsi, mitambo yayamba kusonkhana ku Mulanje komwe Ruo amachokera. Tulutsani injini sabata ino. Muilize mwendo uli mu mgolo wa madzi, osati pouma, impela ingapse, muone ngati ikukodza. Sinthani oyilo wa magiya, tsukani kabuleta, gulani impela yapadera panopa, musadikire Januwale pomwe aliyense amaikumbukira tsiku limodzi.

Amene ali ndi Patlabor yonse pa memory card andipeze ku inbox, yanga imathera pa gawo la 12.